Kankhope ka Misozi

M'mudzi wina, womwe dzina lake silingathandize aliyense, munali fakitale yoyenga mafuta a mpendadzuwa. Mkulu wake anali Bambo Kamchacha, ndipo pachitseko cha ofesi yawo panalembedwa kuti Woyang'anira Wamkulu, Tate wa Umodzi, Mwini Chala Choyamba.

Udindo womalizawu ndiwo unali wolemera. Antchito onse anali pa gulu limodzi la pa foni, ndipo uthenga ukagwa pagulupo panalibe woukhudza kufikira Bwana ataikapo chizindikiro chawo. Akaika chala choloza kumwamba, zala zinkamera ngati bowa. Akakhala chete, anthu ankawerenga n'kubweza foni m'thumba.

Tsiku lina Esinta Nangondo, yemwe ankasefa mafuta, anataya mayi ake kuchipatala cha kuboma. Analemba mawu ochepa: "Amayi atisiya m'mawa uno. Ndikupempha lole ya kampani ikatenge thupi." Msewu wa kwawo unali woipa, ndipo galimoto yokhoza kufikako inali loleyo basi.

Bwana anali ataiwala mandala kunyumba. Anafunafuna kankhope ka misozi, anakapeza, n'kudina. Misozi inalipodi, mbali zonse ziwiri. Koma pakamwa panali yasa, kankhopeko kakufa nalo phwete.

Kenaka wachiwiri kwa Bwana, a Chikaonda, anaika kankhope komweko. Kalaliki anatsatira, dalaivala anatsatira, ngakhale mayi wina amene ankatsogolera pemphero la m'mawa.

Pa nthawi ya tiyi a Chikaonda anamasulira nzeru ya nkhaniyo. "Bwana akutiphunzitsa kuti imfa tisamaipatse ulemu. Kumayiko otukuka amalira choncho."

"Koma akulu, kameneka si koseka?" anafunsa mlonda, Filimoni.

"Iwe unaphunzira kuposa Bwana? Misozi ukuiona kapena sukuiona?"

"Ndikuiona."

"Ndiye lira, usativute."

Filimoni anadina kankhopeko, n'kulira nawo.

Masana Esinta anafika kudzatenga makiyi. Bwana anali atapita kumsonkhano m'tauni, choncho anamulandira ndi a Chikaonda.

"Pepani ndi zovutazi, achemwali. Koma pali kanthu kamodzi. Tonse tayankha ngati banja limodzi, inu nokha simunaikepo kalikonse. Zikuoneka ngati mukutsutsana ndi Bwana."

"Ndi amayi anga, a Chikaonda."

"N'chifukwa chake muyenera kukhala patsogolo. Lole ndi ya anthu ogwirizana."

Kunyumba ya chisoni magetsi anali atazima, ndipo kunja dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo. Esinta anatulutsa foni. Anayang'ana uthenga wa imfa ya mayi ake uja, kenaka anayang'ana kukhoma, n'kudina kankhope kosekako. Makiyi anatuluka m'dirowa.

Thupi linafika kwawo. Foni ya Esinta inathera moto pasiwa, ndipo iye sanaikumbukirenso.

M'mawa mwake, Bwana akumwa phala, akazi awo anasuzumira pa foni yawo n'kuwafunsa: "Bambo a Yamikani, pa maliro a amayi ake a Esinta chakusangalatsani n'chiyani?"

Bwana anavala mandala. Anayang'ana nthawi yaitali. Wamkulu salakwa, amangoona bwino mochedwa. Anafufuta kankhopeko n'kuikapo manja awiri opemphera. Phala lisanazizire, fakitale yonse inali ikupemphera. A Chikaonda anawonjezera uthenga wautali wokumbutsa achinyamata kuti maliro n'kulirana, ndipo kuti mafoni atiwonongera chikhalidwe.

Mwambo wa maliro utatha, Esinta anabwerera kuntchito atavala duku lakuda. Pachipata Filimoni anamuuza, maso ali pansi, kuti akufunidwa kuofesi. Anapeza komiti yosunga mwambo itakhala kale, nkhope zili ndwii. Bwana anakweza foni kuti aliyense aone. Pansi pa uthenga wa imfa panali manja opemphera ambirimbiri, ndi kankhope kamodzi kokha koseka.

"Mayi Nangondo," anatero Bwana motsitsa mawu, "ndatsogolera anthu zaka zambiri, koma munthu woseka maliro a mayi ake omubereka sindinamuonepo."

"Tonse tinagwidwa ndi manyazi, Bwana," anatero a Chikaonda akupukusa mutu. "Ine mpaka chakudya chinandikanika."

Mayi wa pemphero la m'mawa anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Anagwirizana kuti achotsedwe ntchito tsiku lomwelo, pofuna kuteteza mbiri yabwino ya kampani. Popeza malamulo amafuna chilungamo, anamufunsa ngati ali ndi mawu.

Esinta anawayang'ana mmodzimmodzi. Panalibe amene anamuyang'ana.

"Zikomo chifukwa cha lole," anatero, n'kutuluka.

Kalaliki analemba kuti wolakwayo sanaonetse chisoni ngakhale pang'ono.