Rekodi Yanga Yosaphwanyika

Nkhani iyi ndatopa kuimva ikunenedwa mokhotakhota pamsika, ndiye lero ndiinena ndekha, manyazi andigwire kamodzi n'kamodzi.

Dzina langa ndine Zuze. Ndili mnyamata wodula nzimbe ku esiteti, ndinalowa nawo mpikisano wa njinga wa chaka ndi chaka, uja woyambira ku Chikwawa m'mawa n'kukathera ku Bangula masana. Chinali chaka chake choyamba. Ndinapalasa kamodzi kokhako, ndipo pofunsira mkazi wanga Lusiya ndinangomuuza kuti, "Nditafika pomalizira anthu anandiombera m'manja." Silinali bodza.

Mwezi watha, ndili gone pansi pa mtengo wa nimu, thupi lonse lili lefu ndi dzuwa, kunabwera mayi wina wa komiti ya mpikisano atanyamula envulopu.

"Ndinu a Zuze aja munapalasa chaka choyamba?"

"Ndine amene."

"Takufunani kwa nthawi yaitali, bambo! Loweruka tikulemekeza onse amene ali m'mbiri ya mpikisanowu. Rekodi yanu mpaka pano palibe waiphwanya."

Ndinati ndiyankhe, koma Lusiya anali atayamba kale nthungululu.

Mumtima ndinati, mwina mabuku awo anapita ndi madzi osefukira, ndiye andisokoneza ndi munthu wina. Nanga ine ndilimbane ndi madzi? Ndinangothokoza mwa kwathu kuti, "Takhuta, mayi."

Pofika Lachisanu, mudzi wonse unkanditchula champiyoni. Abusa anandibwereka jekete. Alamu anga anati sangaphonye, apongozi anganso chimodzimodzi. Wina atandifunsa kuti ndinatenga maola angati, ndinati, "Pa liwiro limene lija munthu suyang'ana wotchi."

Loweruka ndinakweza Lusiya pa kaliyala, ulendo wa ku Bangula. Jekete m'dzuwa la kuchigwa kuno! Tinafika ndili thapsa ndi thukuta. Anatikhazika mutenti, mpando wa kutsogolo, pafupi ndi madala ena a miyendo ngati mithiko.

Mwini mwambo anagwira maikolofoni n'kuyamba kutchula opambana onse, kuchokera chaka chatha kubwerera m'mbuyo. Anatchula mlonda wa ku Nchalo amene anapambana kawiri motsatizana. Anatchula msodzi wa kwa Nyachikadza amene anapambana pa njinga yobwereka. Aliyense ankaimirira, kugwada pang'ono, n'kukhala. Ine tulo tikundiba, Lusiya akundigunda ndi chigongono.

"Konzekani, mwatsala pang'ono!"

"Ndipo wopambana chaka choyamba..."

Ndinaimirira. Ndinakonza kolala. Ndinakwezanso dzanja, abale anga!

"...a Fombe a kwa Katunga!"

Mdala wa pambali panga anadzuka, n'kundiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kumutu.

"Achimwene, mukufuna kudutsa?"

Ndinakhala pansi pang'onopang'ono. Apongozi kumbuyo anatsokomola.

"Koma tisanatseke," anatero mwini mwambo, "tili ndi mlendo wapadera. Mpikisano uno ndi wa tsiku limodzi. M'mbiri yake yonse, munthu m'modzi yekha ndiye anaupalasa masiku awiri. Anagona pakhonde la sitolo ku Ngabu, n'kufika kuno m'mawa mwake akukankha njinga. Anapeza amayi akusesa bwalo, ndipo amayiwo anaika matsache pansi n'kumuombera m'manja. A Zuze, imirirani!"

Tsopano ndinakakamira pampando. Anachita kundidzutsa ndi a Fombe omwewo.

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ogulitsa malambe anasiya mabeseni awo kudzandiona. Anandipatsa satifiketi ya "kusataya mtima", n'kundijambula nayo nditavala jekete la abusa. Alamu anga ankaseka atagwira mzati wa tenti. Apongozi anangofunda chitenje kumutu.

Anthu atayamba kulandira mpunga, ndinamunong'oneza Lusiya kuti, "Bwanji tidye kaye?"

Anayang'ana dzuwa, lomwe linali likadali paliwombo. Kenako anayang'ana njinga yathu.

"Ayi, bambo a kunyumba. Tiyeni tinyamuke pompano, mwina tikafika lero."

Akakuuzani kuti muli m'mbiri, musanabwereke jekete funsani kaye kuti muli tsamba liti.