Kutulutsa Azakhali M'chipinda

Lolemba, m'mawa
Kunja kuli nkhungu, kukuzizira. Azakhali akadali m'chipinda, sabata yachitatu tsopano. Anabwera kuchokera ku Joni, komwe madokotala anawachepetsa chifu kuti aonde chifukwa cha shuga ndi mawondo. Kuonda aondadi, koma kuseka kunapita limodzi ndi thupi. Kale ankatsogolera nyimbo kutchalitchi, mawu kumveka mpaka kumsika wa Tsangano. Ndatsimikiza mtima: Lamlungu akaimba! Zofunika:
1. chakudya
2. alendo
3. yunifomu yawo ya kwaya

Lachiwiri
Chakudya. Mbatatesi yokazinga, nkhuku, kabichi. Adya masipuni atatu okha. Akuti, "Mwanawe, chifu changa n'chonga dzira tsopano." Zotsala adya abambo. Akuti akuthandiza mlongo wawo.

Lachitatu
Alendo. Ndaitana amayi atatu a kwaya. Pakhomo lililonse ndimayamba ndaima kaye, manyazi akundikaniza kunena odi. Abwera, aliyense ndi mbale yake. Woyamba kungowaona: "Kalanga ine! Wakulodzani ndani?" Wachiwiri monong'ona koma tonse kumva: "Mankhwala aja mukumwa?" Wachitatu akupemphera mokuwa kuti thupi libwerere. Azakhali atembenukira kukhoma. Mbale zonse abambo athandizanso.

Lachinayi
Sindikugonja! Yunifomu. Mungalowe anthu awiri, ndi mwana kumbuyo. Ndikuichepetsa ndi singano.

Lachisanu
Ndachepetsa mopitirira. Mkono wakumanzere ndautseka. Ndayesa kuvala ndekha, yakana, kenako phwee, kumsana. Mayo!

Loweruka
Ndalowa kukapepesa, yunifomu ili m'manja. Mawu sakutuluka, mwa masiku onse. Ndangokhala pamkeka. Ola lathunthu tonse chete. Kenako iwo: "Pagalasi ndimaona munthu wachilendo. Ndinkati ndikaonda ndidzasangalala, koma m'mawa sindipeza chodzukira." Akulira. Ine ndangowagwira dzanja. Akuti, "Lero ndiwe woyamba kulowa muno osandifunsa ngati ndadya." Zoona zake, ndimafuna kufunsa, manyazi ndiwo anandigwira.

Lamlungu
Belu lalira, lasiya. Sanapite. Sanaimbe. Yunifomu abambo akupukutira njinga, ndipo akudandaula kuti buluku lawo lasiya kumangika.
Pa zitatu zija palibe chatheka. Komabe azakhali atuluka okha, akhala pakhonde pang'ono, kuothera dzuwa atafunda bulangete. Sanaseke. Akuti Lachiwiri ndiwaperekeze kuchipatala akafotokoze za kulemera kwa mtimaku. "Ndikakalephera kuyankhula, ukandiyankhulire ndiwe."
Ine! Amene odi amandivuta!
Basi, ndipita. Ndiyamba lero kuyeserera kuyankhula pa mbuzi.
Ndamaliza kulemba Lamlungu, 4 koloko madzulo.