A Orest Ankayamba Kulonjera Matayala

Malemu a Orest Dubyk ankayamba kulonjera matayala, mwini galimoto pambuyo. Ukaima pasitolo m'tauni yathu ya Dobrova n'kuwapatsa dzanja, dzanjalo linkangolendewera m'malere, chifukwa eni ake anali atagwada kale, mutu kunsi kwa galimoto yako, matako kumwamba. Akamaliza onse anayi m'pamene ankadzuka, kusasa m'mawondo, n'kukuyang'ana ngati wangofika kumene.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Lakumbuyo kumanzereku silinadzuke bwino."

Sanali makaniko. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yoyeza tirigu kunkhokwe ya m'mbali mwa njanji, ndipo za matayalazi palibe anawatuma. Chida chawo chinali ndalama yachitsulo ya kuno, yokhala ndi chithunzi cha mutu wa mphalapala. Anaiboola n'kuimangirira pa chingwe cha nsapato m'khosi, pamene anzawo amavala mtanda. Ankailowetsa mumzere wa tayala, mphuno ya mphalapala ili pansi. Mphuno ikamira, tayala lili ndi moyo. Nsonga yake ikangoonekera, basi, tayalalo latha, ngakhale mwini wake alumbire motani.

Kenako ankatulutsa choko chachikasu n'kulemba chigamulo m'mbali mwa tayala. Muvi unkatanthauza kuti pita, ndipo pambali pake ankalembapo nambala ya anthu amene matayalawo angawanyamule. Ziro ankatanthauza kuti khala pakhomo. Tauni yonse inkawaseka, koma munthu wa ku Dobrova sankanyamuka ulendo wautali ali ndi ziro. Ukayesa, mkazi wako ankatsitsa ana m'galimoto.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaseka: mkazi wawo, mayi Verna. Mayiwa anali ndi mng'ono wawo, Lesia, amene anakwatiwa ndi msodzi ku Nova Scotia, makilomita zikwi zinayi kuchokera kuno. Tsiku limene anakwatira mayi Verna, a Orest analonjeza pamaso pa anthu kuti adzawapititsa kumeneko pagalimoto. Ndege mayi Verna ankati adzakwera tsiku limene idzayambe kuyenda pansi. Kuchokera pamene Lesia anabwera komaliza panatha zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo galimoto ya a Dubyk inali isanalandireko muvi.

Kutchalitchi a Orest ankatuluka dalitso lomaliza lisanaperekedwe. Wansembe wathu, Bambo Mykola, anawapeza tsiku lina panja atakwawira kunsi kwa galimoto ya wansembeyo.

"A Orest, dalitso mwalithawanso?"

"Ndi nthawi yokhayo imene magalimoto onse amaima pamodzi, abambo. Mawa mukuti mukupita kwa abishopu?"

"Inde."

"Simukupita." Ziro anali atalembedwa kale.

"Mulungu adzandisunga, a Orest."

"Mulungu ali ndi anthu ambiri owayang'anira, abambo. Muthandizeniko pang'ono."

Abishopu anadikira masiku atatu.

Kuukwati wa mwana wa a Hnatiuk analemba ziro pa galimoto ya akwati, pakati pa maluwa ndi maliboni, n'kuima kutsogolo kwake manja ali m'thumba. Mkwatibwi analira mpaka utoto wa m'maso unafika kuchibwano. Mkwati anavula jekete n'kuyamba kumasula matayala a galimoto ya apongozi ake, apongoziwo akumugwirira jeke. Mpaka lero amanena kuti m'pamene anadziwana bwino.

Koma nkhondo yeniyeni inali pakati pa a Orest ndi Dwayne Sorenson, woweta nkhumba, munthu amene ankakhulupirira kuti tayala limatha waya akayamba kubaya. A Orest akalemba ziro, Dwayne ankafufuta ndi mkono wa malaya. Tsiku lina anagula choko chake n'kudzilembera muvi.

"Muvi uwu walemba ndani?"

"Inuyo, madala. Mwayamba kuiwala."

"Ine sindilemba muvi wooneka ngati phazi la nkhuku. Ndiponso sindingalembe kuti anthu asanu ndi anayi pa galimoto ya mipando itatu."

"Enawo ndi nkhumba."

M'nyengo yozizira Dwayne anayamba kuimika galimoto tayala loipitsitsa litakwiririka m'chipale chofewa. A Orest anayamba kuyenda ndi fosholo. Nkhaniyi inatha Loweruka lina masana, anthu akutuluka kubwalo la masewero, pamene galimoto ya Dwayne inatsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, n'kukagona chagada m'ngalande. Nkhumba ziwiri zinatuluka n'kulunjika kupositi ofesi. Dwayne anatulukira pawindo alibe ndi bala lomwe. A Orest anatsikira m'ngalandemo, anamudutsa osamufunsa kanthu, n'kulemba ziro pa tayala lililonse.

"Ukanamaimika chonchi masiku onse, mawondo angawa akanapuma."

Lolemba lake Dwayne anagula matayala anayi atsopano, ndipo anakhala mwezi wathunthu osawalankhula.

Tsono kunyumba kwa a Dubyk mwambo unali wa chaka ndi chaka. Mwezi wa Juni ukafika, mayi Verna ankalongedza sutikesi, kukulunga soseji ndi buledi wa paulendo, n'kuyala mapu patebulo. A Orest ankalowa m'galaja ndi ndalama yawo ija. Patapita theka la ola ankatuluka akupukusa mutu ngati dokotala.

Zifukwa sizinkawathera. Chaka china mizere inali itachepa. Anagula atsopano, koma atsopano anafunika ayambe azolowera msewu. Chaka chotsatira anapeza kamng'alu m'mbali, kakang'ono moti mayi Verna anakafunafuna ndi magalasi awiri osakaona. Vuto linali lakuti galimoto yosapita kutali simaliza matayala, ndiye patapita zaka mphalapala inayamba kuwatsutsa eni ake.

"Mphuno yamira, bambo. Ndaona ndi maso angawa."

"Yamira, sindikukana. Koma taonani manambala anayi awa m'mbalimu. Awiri oyambawa ndi sabata limene tayala linapangidwa, enawa ndi chaka. Zaka zisanu ndi ziwiri. Labala wakalamba, mayi."

"Wakalambira m'galaja mwanu momwemu."

"Kukalamba sikufunsa kuti unali kuti."

"Nanenso ndikukalambira pompano. Manambala anga mudzawayang'ana liti?"

Mayi Verna ankadziwa kuyendetsa, ndipo makiyi ankakhala pamsomali m'khitchini. Akanatha kungopita. Koma ankadziwanso kuti tsiku limene mkazi wa a Orest adzatuluke m'tauni ali ndi ziro pa matayala, palibe amene adzamverenso ziro. Choncho ankamasula sutikesi, ndipo a Orest ankadya soseji ya paulendo sabata yonse pakhomo, mbale ikuikidwa patebulo mwamphamvu.

Akuluakulu a m'tauni ankadziwa gwero lake, ngakhale sankalitchula. A Orest anali ndi mng'ono wawo, Petro. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Petro anafunsa mkulu wake ngati matayala a galimoto yake angafike kumzinda wa Winnipeg. A Orest anamenya limodzi mwa matayalawo ndi nsapato n'kunena kuti afika. Lakutsogolo linaphulika asanafike theka la njira, ndipo Petro anabwerera m'bokosi. Kuchokera tsiku limenelo a Orest sanapitirirepo tauni yapafupi ya Yorkton. Munthu amene ankavomereza maulendo a tauni yonse ankaopa msewu kuposa tonsefe.

Chaka chatha, chipale chitayamba kusungunuka, mwana wa Lesia anaimba foni. Mayi ake anali atadwala matenda oumitsa ziwalo, ndipo mwanayo anati ngati azakhali akubwera, abwere chaka chomwechi. Mayi Verna anaika foni pansi n'kupita kumene amuna awo ankamwa khofi.

"Juni ndikupita. Muvi kaya ziro."

Mawa lake galaja inapezeka yokhoma ndi loko watsopano. Mayi Verna anapsa mtima kuposa zaka zonse makumi atatu zija, ndipo kwa milungu itatu ankalankhula nawo kudzera mwa mphaka wawo.

Anamwalira mwezi wa Meyi, Lachiwiri m'mawa, panja pa positi ofesi, atagwada pambali pa galimoto ya mphunzitsi, chipumi chili pa tayala. Mtima unangoima. Ndiyenera kunena zoona ngakhale zikutichititsa manyazi: anthu anayi anadutsa n'kuwapatsa moni. Popeza sanayankhe, palibe anadabwa. Mphunzitsiyo anadikira mphindi khumi makiyi ali m'manja kuti amalize.

Manda athu ali kutchalitchi chakale, makilomita khumi ndi limodzi pa msewu wa miyala. Galimoto ya maliro inachokera mumzinda, yakuda, yonyezimira, dalaivala wake atavala magolovesi oyera. Bokosi litatuluka, mayi Verna anakweza dzanja. Anatulutsa m'chikwama chingwe cha nsapato chija, anagwira phewa la Bambo Mykola, n'kugwada ndi diresi lawo lakuda m'matope. Mphuno ya mphalapala inaonekera yonse, mpaka diso.

"Sakwera iyi."

"Mayi, pepani, ndi pafupi pomwepa," anatero dalaivala. "Ndiponso, kunena mwaulemu, malemuwa palibenso chimene chingawachitikire."

"Mwana wanga, bambo awa anandikaniza ulendo zaka makumi atatu ndi chimodzi pa matayala abwino kuposa awa. Sindingawalole kuti iwo anyamuke pa matayala otha."

Anthu ovala masuti anabalalika pabwalo la tchalitchi, akuwerama galimoto ndi galimoto kufunafuna muvi watsopano. Galimoto yokhala ndi muvi komanso malo a bokosi inapezeka imodzi yokha, ya Dwayne Sorenson. Pambali pa muvi panalembedwa 3. Tinawerenga: Dwayne, wansembe, ndi malemu. Anasesamo madeya a nkhumba, anayalamo bulangeti, ndipo a Orest anapita kumanda fungo likuwatsata. Dwayne anayendetsa pang'onopang'ono, akulira ngati mwana, ndipo sanagunde dzenje ngakhale limodzi.

Anthu atamwazikana, Dwayne anatsalira pakhonde la a Dubyk akupotokola chipewa. Kenako anatulutsa kiyi wa loko.

"Anandisungitsa, mayi. Anati mukaupeza msanga mudzawonongetsa zinthu."

M'galaja galimoto inali yotsukidwa. Matayala anayi atsopano, tiubweya take tisanathothoke, sipeya watsopanonso kumbuyo. Mayi Verna anawerama n'kuwerenga manambala anayi aja: sabata lachisanu ndi chinayi, chaka chomwecho.

"Ndinakawatengera ndine," anatero Dwayne. "Anabweza kawiri, akuti ndi akale ndi miyezi itatu. Ndiye m'mawa uliwonse ankandipempha kuti ndiwaperekeze, iwo akuyendetsa yanga. Tsiku loyamba tinapitirira Yorkton ndi makilomita asanu, anaima n'kusanza. Sabata yatha tinakafika m'malire a chigawo cha Manitoba."

Pa tayala lililonse panali muvi wachikasu, wowongoka bwino. Pambali pake panalembedwa 2.

Mayi Verna anawerenganso nambalayo. Kenako anamenya tayala lakutsogolo ndi nsapato.

"Chitsiru cha munthu. Milungu itatu ndikulankhula ndi mphaka, osangonena?"

Ananyamuka pa 1 Juni okha, sutikesi kumbuyo, soseji pampando wa a Orest, ndalama ya mphalapala ikulendewera pagalasi. Dwayne anafuna kufufuta 2 kuti alembe 1, iwo anamumenya dzanja. Ulendo unatenga masiku asanu ndi limodzi. Lesia anamupeza wamoyo, atakhala pa njinga ya odwala pakhonde, akuwadikira. Anakumbatirana, analira, ndipo mwana wa Lesia akuti misozi isanaume anangoona azakhali ake agwada, akupapasa matayala a njingayo.

Kuno ku Dobrova tsopano palibe amatuluka dalitso lisanaperekedwe, ndipo ulaliki wa Bambo Mykola watalika. Tikatuluka, aliyense amaima kaye pambali pa galimoto yake makiyi ali m'manja, kenako n'kukumbukira kuti palibe womudikira. Ndalama za mphalapala tili nazo tonse m'matumba, ndipo ena amayesa kugwada, koma munthu sungadzilembere ziro wekha. Tikupita maulendo athu popanda wotiletsa, ndipo kunena zoona zikutiopsa. Mivi yachikasu ija mvula yakhala ikufufuta umodzi umodzi. Wotsala bwino ndi wa pa tayala lakumbuyo kumanzere kwa galimoto ya Dwayne. Matayalawo atha tsopano, iye akudziwa, ndipo wagula kale ena. Lokhalo analimasula n'kulipachika m'khola, mbali imene mvula sifika.