Tsiku limene ndinagwirira a Mbewe ambulera

Pali zolakwa zimene munthu umachita chifukwa cha mwano, ndiye pali zina zimene umachita chifukwa cha ulemu. Changa ndi cha gulu lachiwirili, ndipo ndikuuzeni, chimawawa kuposa zoyambazo chifukwa ulibe poyambira popepesa.

A Mbewe ndi nesi pa chipatala china ku Telford, kuno ku Mangalande. Timapemphera mpingo umodzi ku Handsworth, ndipo ndi amene anakanditenga pa bwalo la ndege nditabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndi bambo wa imvi, wosalankhulalankhula. Tonse tinkadziwa kuti amasewera gofu, koma tinkangoti ndi zija za anthu okhalitsa kunja. Sitinkadziwa kuti kwa zaka zambiri ankalimbana kuti alowe mumpikisano wa dziko lonse wa anthu akuluakulu, amene gofu si ntchito yawo koma amaisewera akaweruka. Chaka chimenecho analowa, ndipo mpikisanowo unali konkuno ku West Midlands. Unali mwayi wawo woyamba komanso womaliza, chifukwa madokotala anali atawapatsa kale tsiku loti akawang'ambe bondo.

Mpikisanowo unali wa masiku atatu, koma ofika tsiku lachitatu ndi okhawo amene achita bwino masiku awiri oyamba. Tsiku loyamba anakoka okha chikwama cha ndodo zomenyera mpira, bondo n'kutupa. Madzulo anandiimbira.

"Achimwene, mawa muli pa shifiti?"

"Ndili ofu, bambo."

"Mungandinyamulireko bagi? Ndikungofuna ndifike tsiku lachitatu basi. Zachikho n'za anyamata."

Ndinavomera asanamalize n'komwe. Za gofu sindinkadziwa kanthu, koma kunyamula katundu wa munthu wamkulu sikufuna sukulu.

Ndinafika nditavala suti ya kutchalitchi (musaseke, anandiuza kuti ndi mpikisano wa dziko lonse). A Mbewe anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato zosongoka, n'kutsegula buti ya galimoto, n'kundipatsa jekete ndi nsapato zawo zakale. Kenako anandipatsa malamulo atatu: ndisakhudze mpira, ndisalankhule munthu akamamenya, ndipo akandilozera poima ndiime pomwepo. Dzuwa linali likuwala, choncho za mvula sitinakambe.

Abale, bwalo limene lija sindidzaliiwala. Ine ndinkadziwa Birmingham ya mabasi ndi nyumba zogundana, osadziwa kuti kuseri kwa mipanda ya mitengo kuli dziko lina. Kapinga wa pafupi ndi dzenje lolowetsamo mpira anali wosalala ngati nsalu yosita. Ndinagwada n'kumusisita kuti nditsimikize ngati ndi womera. Nanga anthuwo! Madala a mimba zawo, ena aphunzitsi, ena okonza mapaipi, koma akati amenye, kampira kankauluka mpaka kusowa m'maso, n'kukatera pamene iwo amafuna. Chimene chinandizunguza kwambiri ndi bata. Anthu ochuluka chonchija, koma unkamva mbalame ikudumpha pa nthambi.

Batalo ndinayamba kulisokoneza ndine. Tinali ndi osewera ena awiri achizungu m'gulu lathu, ndipo ndinaona kuti n'kupanda khalidwe kuyenda ndi anthu osawapatsa moni. Ndinapita kwa mmodzi, dzanja lili patsogolo, iye atakweza kale ndodo. A Mbewe anandikoka jekete. Pa dzenje lachinayi mpira wawo unagwera m'udzu wautali, ine n'kuthamanga kuti ndikawatolere ndiwapatse ndi manja awiri. Zala zitatsala pang'ono kuukhudza ndinamva dzina langa likutchulidwa motsitsa, koma mwa mtundu wina. Ndinawuma nditawerama choncho.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu. Ndinkayenda, kuima, kupereka ndodo, kupukuta, kukhala chete. Ndipo ndinayamba kuwaona a Mbewe. Munthu amene ndinkamudziwa ngati wotolera mabuku a nyimbo tikaweruka, apa anali wina. Ankatsimphina popita pa mpira, koma akangoima, kutsimphina konse kunkatha. Mpira wina unagwera mu mchenga, m'dzenje lakuya mpaka m'chiuno. Anatsikiramo, n'kumenya mchengawo pang'onopang'ono ngati sakufuna, mpira n'kukwera, n'kutera, n'kugubuduka mpaka kukaima pafupi ndi mbendera ya pa dzenje lolowetsamo mpira. Azungu amene ankaonerera anawomba m'manja. Ine misozi inalengeza. Ndinkafuna kuuza aliyense kuti bambo amenewa ndi akwathu, koma ndinali nditaletsedwa kulankhula.

Mvula inayamba tili pa dzenje lomaliza. Mukudziwa ya kuno, yopanda mabingu, yobwera cham'mbali ngati ili ndi nawe chifukwa. Ndinaona onyamula zikwama ena akugwirira mabwana awo maambulera poyenda, nane ndinatsegula yathu. Chimene sindinaone n'chakuti munthu akati amenye, iwo ankachoka. Safunsa anadya phula.

Mpira wa a Mbewe unali masitepe ngati asanu kuchokera pa dzenje. Pa gofu amawerenga kuti wamenya kangati, ndipo wochepetsa ndiye katswiri. Anaunguza uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti, "Ndikalowetsa uwu, mawa tikubweranso." Kenako anandilozera pambali. "Imani apo."

Ndinaima. Iwo anawerama. Ndiye mvula ija inachita ngati yauzidwa. Ndinkaona madzi akutsika m'imvi zawo, kulowa m'khosi, malaya akumatirira pamsana. Ine ndili pansi pa ambulera yawo yomwe, wouma ngati chimanga cha m'nkhokwe. Mayi anga akanandiona akanandikana. Komanso ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yoonetsetsa kuti munthu wamkulu asanyowe, asazizidwe, asagwe. Miyendo inayenda yokha. Ndinanyang'ama kumbuyo kwawo osapanga phokoso (lamulo lachiwiri ndinalisunga bwino kwambiri), n'kutambasula dzanja, ambulera n'kukhala pamwamba pawo.

Anamenya. Kampira kanayenda, kanakhota pang'ono, kanazengereza pamlomo pa dzenje, n'kugwera mkati.

Mtima wanga unadumpha. Ndinabweza ambulera msanga kuti ndiwombe m'manja. Osewera anzawo aja anali atafulatira mphepo, anangotembenuka pomva kugwa kwa mpira, ndipo mmodzi ankabwera kale akumwetulira. Koma a Mbewe sanasunthe. Anali chiweramire.

"Achimwene," anatero osandiyang'ana, "mvula inasiya kundimenya m'khosi ndisanamenye mpira. Munali pati?"

"Ndimakugwirirani ambulera, bambo. Mumanyowa."

Anatseka maso kanthawi. Kenako anandifotokozera modekha, ngati akuuza wodwala zotsatira za magazi, kuti lamulo silola munthu kutchingiridwa mvula pamene akumenya. Chilango chake amakuwonjezera mashoti awiri, ngati kuti wamenya kawiri kena.

Ndinayang'ana azungu aja, ndinayang'ana kumwamba, ndipo apa ndiulule tchimo langa lachiwiri. Ndinatsitsa mawu n'kunena m'Chichewa, podziwa kuti palibe angamve: "Bambo, palibetu waona."

"Ndaona ine," anatero.

Anapita kwa mnzawo amene ankalemba mashoti awo n'kumuuza. Mzunguyo anagwira pakamwa, n'kufunsa kawiri ngati akutsimikiza. Anaitana woyang'anira malamulo, mayi wina wa jekete yabuluu, amene anamvetsera, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti pepani, ndi momwemo. Kenako mayiyo anawagwira chanza a Mbewe nthawi yaitali. Ine ndinaima poteropo ndi chikwama, ndikulakalaka dzenje lija likanakula kuti ndilowemo.

Tinadikira pa bolodi la zotsatira mpaka gulu lomaliza litabwera. Mzere wolekanitsa opitirira ndi otsala unadulidwa, ndipo dzina la a Mbewe linali loyamba kunsi kwake. Anatsalira ndi shoti imodzi. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma apa nkhwali ndinapulumuka, anafa ndi amene ndinkawachitira chifundocho.

Poimika magalimoto mvula inali ikugwabe. Iwo ankalongedza ndodo m'buti, akutsimphina, akunyowa, ine nditaima pambali ndi ambulera yotseka. Ndinkaopa ngakhale kuigwedeza.

"Nanga mukudikira chiyani?" anatero. "Kuno ndi ku kapaki, kulibe ma rules. Tsegulani."

Ndinatsegula. Anakhala pamphepete pa buti n'kuyamba kumasula nsapato.

"Mukudziwa kumene ndinaphunzira gofu? Ku Thyolo, ku esiteti ya tiyi. Ndinkanyamula mabagi a mabwana. Mvula ya ku Thyolo mukuidziwa. Zaka zonsezo ndinkagwirira anthu ambulera, ine ndikunyowa." Anavula sokosi n'kuifinya. "Lero ndi koyamba munthu kundigwirira ine pa bwalo la gofu. Kungoti mwasankha nthawi yake yolakwika."

Anaseka pang'ono. Ine ndinalira, bambo wa ana awiri, pakati pa magalimoto a azungu.

Bondo analing'amba, ndipo masiku ano amayenda bwino, koma za mipikisano anasiya. Sananenepo za tsikulo kwa aliyense kumpingo, nkhaniyi ndaiulula ndekha. Malamulo a gofu ndinawawerenga pambuyo pake, ndipo tsopano ndikudziwa kuti akati ima apo, umaima. Koma ndisakunamizeni. Mutandibwezera pa kapinga paja, mvula ikutsika m'khosi mwa bambo aja, sindikulonjeza kuti miyendoyi ingandimvere.