A Ndiyezeni Sanafune Kuwononga Kafukufuku

Mumsewu mwathu munali munthu mmodzi amene sanakanepo kafukufuku chibadwire, ndipo munthuyo anali a Ndiyezeni. Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Ife tinkawadziwa ndi mawu amene ankalonjera nawo mwana aliyense wa ku yunivesite akangotsika basi, chikwama chili kumsana: "Mukufuna nkhalamba? Nayi pano. Ndiyezeni."

Ntchito yawo inali yosoka nsapato ndi kukonza maambulera, pakhonde la kachipinda kamene akazi awo ankasokeramo zovala. Mayi Telala mkati ndi makina opalasa ndi mwendo, a Ndiyezeni panja ndi kampando, nyundo ndi guluu. Pakati pawo panali zenera lopanda galasi, lodutsira mikangano.

Yunivesite ili kuseri kwa msika, ndiye ana ophunzira akafuna anthu oti awafunse mafunso, msewu wapafupi unali wathu. Ife ena tikawaona tinkadzigonetsa tulo tabodza. A Ndiyezeni ankasiya nsapato ya kasitomala ili kukamwa yasa, n'kupukuta manja pamalaya, n'kukhala bwino ngati akujambulidwa.

"Anakuyezani dzulo," Mayi Telala ankatero pazenera, makina osaima. "Lero mwamera chiyani chatsopano?"

"Dzulo anali a maso. Lero ndi a mapapo. Munthu ali ndi ziwalo zambiri, amayi."

"Ziwalo zonsezo, mutu wokha ndiwo akuiwala."

"A mutu akubwera mwezi wamawa. Ndakulembetsani ndi inu."

Anabwera a zamaphunziro, ofuna kuona ngati foni ingaphunzitse achikulire kuwerenga. Ankafuna osadziwa kuwerenga okhaokha. A Ndiyezeni, munthu amene ankawerenga nyuzipepala mpaka zotsatsa mankhwala a makoswe, anagwira pepala mozondotsa, n'kuliyang'ana mwachisoni, basi anawalemba. Sabata isanathe anali akuwerenga ngati wa pawailesi. Mphunzitsi amene ankatsogolera ntchitoyo anatsala pang'ono kuvina pamsewu, akuganiza kuti foni yake ndi yozizwitsa. Mayi Telala ndiwo anaulula pazenera, ndipo mphunzitsiyo anangoseka, n'kuwafafaniza.

Anabweranso a zamalonda, ofuna kudziwa ngati kasitomala amabwerera kwa wamalonda womwetulira. Tsono mano a a Ndiyezeni anali owerengeka, ndipo otsalawo sankagwirizana kolowera. Anamwetulira mwezi wathunthu osapumira. Ana a sukulu anayamba kudzera tsidya lina. Mayi wina anasiya ambulera yake yabwinobwino, mpaka lero sanabwere kudzaitenga.

Zonsezo zinali zoseketsa. Zinasiya kuseketsa pa nkhani ya wotchi.

Mnyamata wina wamtali, wa chaka chomaliza pa zamasewera, ankafufuza ngati kuyenda kumalimbitsa okalamba. Anagawa mawotchi owerenga mayendedwe. Nthawi imeneyo a Ndiyezeni bondo linkawavuta, koma kuti wotchi yawo ikhale yomaliza pamsewu wonse, zimenezo sakanazilola. Anaimangirira pachopondera cha makina a akazi awo. Inali nyengo ya mayunifomu a sukulu, makinawo sankapuma. Wotchi inanena kuti nkhalambayi ikuyenda kuposa wosewera mpira. Mnyamata uja anakondwa, n'kukaonetsa aphunzitsi ake, aphunzitsiwo n'kubwera pagalimoto kudzaona okha. Anapeza a Ndiyezeni ali phee pakampando akumata chidendene cha nsapato, wotchi ikuthamanga yokha pansi pa makina.

Ife tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma aphunzitsi aja anakayikira ntchito yonse ya mnyamatayo, ndipo anamubwezera chaka. Tsiku lodzatenga wotchi yake sanakalipe. Anakhala pasitepe, mutu pakati pa mawondo ataliwo, n'kulira ngati mwana.

"Agogo, ine ndinakukhulupirirani," ndi zokhazo zimene ananena.

A Ndiyezeni tsiku limenelo sanadye. Mayi Telala anali atakonza mawu ambiri owalasa nawo, koma ataona nkhope yawo anawameza onse.

"Amayi, ine sindidzawonongeranso mwana wa munthu ntchito yake," anatero bambowo. Mayi Telala anangoti chabwino, osadziwa kuti lonjezo limeneli lidzawafikitsa pati.

Patapita zaka zingapo kunabwera mtsikana wofufuza za mtima, wamfupi, wofatsa, wovala magalasi aakulu kuposa nkhope. Anali ndi kalamba kovala pamkono, kamene kamamvera kugunda kwa mtima, zikasokonekera kamalira n'kudziwitsa achipatala. Kuti adziwe ngati kakuthandizadi, anagawa okalamba pawiri: ena avale, ena asavale, pamapeto adzayerekeze. Wosankha anali kompyuta. A Ndiyezeni anali atapinda kale mkono wa malaya pamene anamva kuti agwera gulu losavala.

"Zaka zonsezi ndikutumikira, kompyuta sikundidziwa?"

"Siidziwa aliyense, agogo. N'chifukwa chake timaikhulupirira."

"Ndiye ine ntchito yanga ndi chiyani, mwanangu? Kuonerera anzanga a Kalipentala akunyada ndi kalamba?"

"Ntchito yanu ndi yaikulu. Popanda gulu lanu sitingadziwe kanthu. Inu muzingokhala monga mwa masiku onse. Mukadwala, kuchipatala muzipita."

Mayi Telala anamva mawu onsewo pazenera. Amuna awo anamvanso onse, koma anasankhapo owakomera.

Kuyambira pamenepo a Ndiyezeni anasanduka munthu wosasintha kanthu, ndipo ankachita zimenezi monyada ngati msilikali. Mwana wawo wamkazi atawagulira chipewa chatsopano, anachikoleka pamsomali. Mayi Telala atafuna kusuntha bedi kuti asese, anawaletsa. Dzuwa likafika pakampando, ankapsa nalo pomwepo.

"Sunthirani pamthunzi, bambo inu."

"Ndili pantchito. Ndine wa masiku onse."

Tinkawaseka. A Kalipentala ankadutsa dala atakweza mkono kuti kalamba kaoneke, a Ndiyezeni n'kuwauza kuti, "Inu mwavala chingwe. Ine kafukufuku yense wakhala pa ine."

Woyamba kuona mapazi anali Mayi Telala. Munthu wosoka nsapato anayamba kulephera kulowa m'nsapato zake zomwe. Anazikuza, n'kuzikuzanso, kenako anayamba kukhala pakhonde ndi masilipasi. Akamenya nyundo kangapo ankaima, akupuma ngati wakwera phiri. Mayiwo poyamba anaganiza kuti ndi zisudzo zawo zomwe zija, poti anali atawaonapo akudwala matenda abodza kuti awalembe pakafukufuku. Anadikira kuti aseke. Sanaseke.

"Mawa tipite kuchipatala."

"Masiku onse ine kuchipatala ndimapita? Chikwatirane chathu munandionapo?"

"Mtsikana uja ananena kuti mukadwala muzipita. Ndinamva ndi makutu angawa."

"Ananena mwaulemu. Ana aja ndi aulemu. Koma ndikapita, andipatse mapiritsi, ndichire, iye adzayerekeza ndi chiyani? Mukufuna nayenso adzakhale pasitepepo akulira?"

Mayi Telala anayesa zonse. Anakalipa, ananyengerera, ananyanyala kuphika. Anaitana mwana wawo uja, bambo ake n'kumuseketsa mpaka anabwerera kwawo akuti adadi ali bwino. Anatuma ife anzawo, ife n'kukacheza za mpira, poti kunena zoona a Ndiyezeni sankagonjetseka pakamwa.

Mkati momwemo kalamba ka a Kalipentala kanalira ali pakati popala thabwa. Ambulansi inabwera, anakagona masiku ochepa, n'kubwerako onenepa. Mayi Telala anaganiza kuti tsopano amuna awo achita mantha. Anawapeza akumwetulira, atatsamira khoma.

"Mwaona, amayi? Kakugwira ntchito. Nanga akanadziwa bwanji popanda ine?"

M'mawa mwake mayiwo anaphimba makina ndi nsalu, kwa nthawi yoyamba tsiku la ntchito, n'kuyenda wapansi mpaka ku yunivesite. Malo amene anawanyoza zaka zonsezo, tsiku limenelo anagogoda chitseko ndi chitseko, akufunsa za mtsikana wa magalasi. Atamupeza sanapereke ndi moni.

"Agogo ako akufa kuti iwe ukhoze."

Mtsikanayo sanatseke ndi kompyuta yomwe. Anafika mumsewu mwathu pa takisi, n'kugwada kutsogolo kwa kampando, n'kuyang'ana mapazi aja. Magalasi anachita nthunzi.

"Agogo, kwerani galimoto."

"Ndikuwonongera, mwanangu."

"Simukuwononga. Ngakhale mukanawononga, ndikanayambiranso. Koma wina ngati inu ndikamupeza kuti? Kwerani."

Anayang'ana akazi awo, anayang'ana mtsikana uja, n'kutambasula manja kuti awadzutse. Pokwera anatembenukira kwa ife. "Musakhudze kampandoko. Ndikubwera."

Kuchipatala anasangalala tsiku loyamba, poti kunali zoyezera zambiri kuposa zimene anaziona moyo wawo wonse. Namwino asanafike n'komwe, mkono unali utatambasuka kale. Koma dokotala anatengera Mayi Telala pambali, ndipo mawu amene anawauza anali ochepa: mukanabwera kale. Mtsikana uja ankabwera masana aliwonse. Tsiku lomaliza a Ndiyezeni anamukodola kuti awerame.

"Undilembe gulu lija lomwe. Sindinavale kanthu."

"Ndakulembani, agogo."

"Ukhoza?"

"Ndikhoza."

Anatseka maso ngati munthu amene wamaliza kusoka nsapato yovuta. Dzuwa lisanapendeke anali atapita.

Mtsikanayo anakhozadi, tinamva choncho. Akuti masiku ano aliyense wogwera gulu losavala amamukhazika pansi n'kumubwerezera za chipatala mpaka atope nazo, ndipo amaitananso wa kunyumba kwake kuti amve nawo.

Msewu wathu tsopano uli zii. Nsapato zikang'ambika timapita nazo kumsika, kwa munthu wosadziwa kucheza. Makina a Mayi Telala amalira, koma amalira okha, palibe wowayankha. Ndipo ife nkhalamba zotsala tilibenso mtendere wodwala mwakachetechete. Ukangotsokomola podutsa pakhonde paja, makina amaima. Mayiwo amatuluka, chikwama chili kale m'khwapa.

"Tiyeni."

"Mayi, ndi fumbi chabe."

"Mukauze dokotala za fumbilo. Tiyeni."

Palibe amene amakana. Amakuyendetsa ali pambali pako, osakusiya ngakhale powoloka msewu, mpaka pachitseko cha dokotala. Iwe ukalowa, iwo amakhala pabenchi panja, chikwama pamiyendo, maso pachitsekocho. Ukatuluka amadzuka msanga, n'kukuyang'ana kumaso kanthawi, kenako maso aja amagwa pansi. Tonse timadziwa kuti amene amafuna kumuona akutuluka pachitseko chimenecho si ife.