Ine ndi Tadala ku Paki, Awiriwiri

Lolemba

Lamulungu likubwerali Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, akupita ku koleji. Zaka khumi tili kunja kuno, ku Lanham, paki ili pongodumpha msewu, koma sindinakhalemo naye ngakhale tsiku limodzi. Ali wamng'ono ankapempha, ine nkumati ndili ndi shifiti. Ndiye Loweruka ndapempha ofu. Pulani:

ine ndi Tadala basi
chitenje choyala pansi
mandasi, tiyi wa m'fulasiki
foni zozimitsa

Ndikumuuza. Akundiyang'ana ngati ndadwala. "Just us, Mom?" Kenako akumwetulira. Mtima wanga myaa.

Lachiwiri

Pakamwa pangapa! Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, tikutembenuza agogo a m'chipinda chomaliza, ndikuwauza za pulaniyi a Nachisale, tcheya wa amayi a kumpingo kwathu. Kungocheza chabe. Iwo: "Mwana achoke osatsanzikana ndi mpingo? Mwalera nokha?" Munthu wamkulu umamukana bwanji iye atagwira miyendo ya wodwala, iwe mapewa? Ndikuti abwere okha. Atatu si khamu.

Lachitatu

Ndikudzuka, pafoni pali gulu latsopano: Kutsanzikana ndi Tadala. Ine mwini mwana andiikamo pomaliza. Makomiti alipo kale:

nyama
zakumwa
mapemphero
malangizo

Ine ndili ku nyama. Amake Mwila a ku Lusaka: "Tizabwela bonse, musavutike." A Yusufu a ku Manassas akuti nkhuku agula okha ya halaal, kuti pasakhale wotsala. Onsewa ndi anthu abwino, anandisungirapo mwanayu ndili pa shifiti. Nchifukwa chake zikuwawa.

Lachinayi

Tadala waliona gululo. "It's fine, Mom." Fayini imeneyo ndikuidziwa. Ndi yomwe ankanena ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, nsapato atavala kale pakhomo, ine ndikutuluka ndi yunifolomu. Ndikulemba uthenga woimitsa zonse. Ndikufufuta. Ndikulembanso, ndikufufutanso. A Nachisale atumiza pulogalamu, pansi alemba kuti mutu umodzi susenza denga. Dengalo ndinalifuna liti ine?

Lachisanu

Poweruka ndikuima pa geti la paki, koyamba kuwerenga chikwangwani chake. Gulu lalikulu limafuna chilolezo, ndipo umapempha kudakali masabata. Ndikuimba ku ofesi yawo. Shedi yochitiramo maphwando inatengedwa kale. Chimwemwe! Ndikuthamangira kuwauza a Nachisale. Iwo: "Chilolezo chokhalira pa udzu? Udzu wa Mulungu?" Pulogalamu sikusintha. Ndikupempherera mvula, ine mkhristu wa kwaya. Kumwamba kuli mbee.

Loweruka

Tinati 12 koloko. Anthu akufika 3 koloko, ndi mipando, mapoto, chokuzira mawu. Tadala amukhazika kutsogolo ngati mkwatibwi, wazyolika. Olangiza asanu ndi awiri, aliyense nkhani ya anyamata, aliyense akuti safuna kutalikitsa. Ine kuseri kwa mtengo, kutembenuza nkhuku, utsi m'maso. Mwana wanga ndikumuonera kunkhongo.

Nthawi ya mawu a kholo isanakwane, akufika woyang'anira paki. Waulemu wake, koma pepala palibe, ndiye tilongedze. A Nachisale akumupatsa ntchafu ya nkhuku. Akukana! Chipwirikiti. Ndikunyamula mapoto kupita kugalimoto, pobwerako Tadala wapita ndi anzake kokatsanzikana. Chitenje sichinatuluke nkomwe m'chikwama. Mandasi adya atsekwe.

Lamulungu

Ndamusiya. Njira yonse anali mtulo, ine osafuna kumudzutsa. Pakhomo la hositelo kukumbatirana mwachangu, chifukwa galimoto yanga ikutseka anthu. Zonse ndinakonza kunena ndabwera nazo.

Pobwerako sindikulowa m'nyumba. Ndikudumpha msewu. Ndi paki yabwino, kani. Dziwe, mitengo, mabenchi a ulere, palibe wofunsa pepala munthu ukakhala wekha. Ndikudzimvera chisoni, ndipo womuloza chala palibe. A Nachisale anandilanda Loweruka limodzi, enawo ndinapereka ndekha.

Pabenchi ina pali mayi wovala yunifolomu ngati yanga, maso pafoni. Kamtsikana kake kali pa katungwe, kakukwera m'mwamba. "Mommy, look." Kachiwiri. Kachitatu.

Ndikuyang'ana ndine.