Sofa Yanga ya ku Limbe

Anzanga, musamadabwe kuti masiku ano mlendo akayamikira kanthu m'nyumba mwanga ndimangoti "zikomo" n'kutseka pakamwa. Si ulemu ayi, ndi chipsera. Ndinatsala pang'ono kuthetsa ukwati wa mwana wanga usanayambe n'komwe, ndipo chida chake chinali sofa ndi kamwa langali.

Nkhaniyi inayamba bwinobwino. Mwana wanga wachisamba, Edina, anandiuza kuti mnyamata wake, Lameki, wa uko kupitirira Malosa, akutumiza akwawo kuti adzaonane ndi ankhoswe athu. Ndinasangalala, koma Edina sanamwetulire. Anati Lameki ndi wamasiye, analeredwa ndi azakhali ake, a Nangondo, ndipo iwo akati ayi ndiye kuti ayi.

"Amayi, chonde musadzachite matama," anatero. "Mayi amenewo amadana ndi bodza. Mkulu wake wa Lameki anamuletsa kukwatira mtsikana wina chifukwa akuchikazi anabwereka TV kwa aneba n'kumati ndi yawo."

Munthu wanzeru akanamva chenjezo. Ine ndinangomva kuti kukubwera mayi wamaso akuthwa, ndipo nditayang'ana pabalaza pathu mtima unandiwawa. Panali mabenchi awiri, mpando wathabwa wa bambo a Edina, ndi mkeka. Ndinadziuza kuti ine sindibwereka, ndigula, nanga chinthu chogula wekha n'kukhala bodza?

"Mabenchi athuwa alakwanji?" anafunsa bambo a Edina ataona ndikutulutsa matumba a mpunga kuti ndikagulitse. Ndinawayankha kuti za m'nyumba azisiyire eni nyumba, iwo n'kunyamula khasu lawo kumapita kudimba.

Pa Songani, kuseri kwa ogulitsa kaunjika, ndinapeza bambo wina wogulitsa mipando yakale. Pakati pa katundu wake panali sofa ya anthu atatu, yofiirira, ndi timipando take tiwiri. Ndinaikonda nthawi yomweyo.

"Mayi, muli ndi diso," anatero bamboyo. "Iyi si ya anthu wamba. Inali ya mzungu wina wa ku Zomba, wabwerera kwawo sabata yathayi."

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Mwini wake ali kutsidya kwa nyanja, ndiye angaizindikire ndani kuno ku Domasi? Ndinagulanso katani wa maluwa, tinsalu toluka toyala pamipando, maluwa a pulasitiki, ndi wotchi yapakhoma imene bamboyo analumbira kuti ikungofuna batire. Zonse tinakweza pangolo, ndipo ndinafunditsa nsalu pamwamba kuti aneba asaone kumene zachokera.

Kufika kunyumba ndi pamene ndinadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Padzanja lamanja la sofa panali chipsera chakuda cha simbi ya makala, chooneka mpaka nsonga yake, chimene wogulitsa uja ankatsamirapo nthawi yonse imene tinkakambirana. Mwendo wakumbuyo unkatagadira kunja, moti munthu asanakhale umayenera kuugunda ndi chidendene kuti ubwerere m'malo. Choopsa kwambiri chinali pakati. Nditayesa kukhalapo ndinamira mpaka mawondo kufika pachibwano, ndipo anandizula ndi Edina. Wotchi ija, ngakhale ndi batire latsopano, inakana kuchoka pa folo koloko.

Ndinabisa chipsera ndi kansalu koluka, pakati n'kuikapo kushoni yaikulu kuti munthu aone ngati malo okongoletsa chabe. Mabenchi ndinawaponya kukhitchini. Kunena zoona, pabalaza panakongola, ndipo Loweruka m'mawa, tsiku lobwera alendo, ngakhale Edina anajambula ndi foni n'kutumizira Lameki.

Tsono mukudziwa mwambo wathu. Nkhani ya ukwati ndi ya ankhoswe, mayi wa mwana amangolonjera alendo, kuwapatsa chakumwa, n'kuchoka. Bambo a Edina anali atapita kale kudimba chifukwa pamenepo alibepo mawu. Zonse ndinadalira alongo anga, a Jemusi, amene ndi nkhoswe ya Edina, kuti alendo asanafike ndiwanong'oneze aonetsetse kuti pakati pasakhale munthu. Koma a Jemusi anachedwa, ndipo anatsika minibasi imodzi ndi alendowo, n'kulowa nawo pakhomo akuseka limodzi.

Alendo anali awiri. Atsibweni a Lameki anali chimunthu, pakhomo anachita kulowa cham'mbali. A Nangondo anali kamayi kochepa thupi, kotsinzina ngati koti sikakuona bwino. Atangolowa anaima chilili, maso ali pa sofa, kwa nthawi ndithu. Ine mumtima ndinati, basi, yawagwira.

Kenako ndinaona atsibweni aja akuchotsa kushoni ija kuti akhale pakati penipeni. Kukuwa sindikanatha, kuwakoka sindikanatha. Ndinangogwira chitseko.

"Alamu, khalani kumapetoko," anatero a Nangondo motsitsa mawu. Mayiwo anazungulira, n'kugunda mwendo wakumbuyo uja ndi chidendene, osayang'anako n'komwe, kenako n'kukhala kudzanja lamanja.

Ndinaziona zimenezo ndi maso angawa. Munthu wina akanadzifunsa kuti mlendo wadziwa bwanji mwendo umene ukudwala. Ine ndinangodziuza kuti mwina masofa onse a azungu amatero, ndipo ndinathamangira kukatenga thobwa.

Nditagwada n'kulonjerana nawo, atsibweni aja anasisita nsalu ya sofa. "Koma mayi, mipando muli nayo. Munaipeza kuti?"

Apa ndi pamene ndikanangoti "pa Songani" nkhani n'kutha. Koma kamwa langa linatsogola mutu usanadzuke.

"Ku Limbe, bambo. Yatsopano, ili m'mapepala ake. Tsopano zikukwana zaka eyiti."

A Jemusi, amene mwezi watha womwewo anakhala pabenchi m'nyumba momwemo, anatsamwa ndi thobwa.

"Ku Limbe?" anafunsa a Nangondo.

"Ku Limbe, mayi," ndinatero, ndipo m'malo moima pomwepo ndinawonjezera nsinjiro. "Ife za kaunjika pamipando sitipanga nawo. Mpando woti mnzako waugulitsa chifukwa zamuvuta umangokubweretsera umphawi wake m'nyumba."

Atsibweni anayamba kuyang'ana wotchi yakufa ija ngati pali chimene ikuwauza. A Nangondo anatukula kansalu koluka kaja ndi zala ziwiri, maso awo ali pa ine, osati pa chipsera.

"Nanga apa panatani?"

Bodza likayamba limafuna linzake loti lilichirikize, ndipo ine ndinatola limene linali pafupi.

"Ndi Edina ameneyo. Anaiwala simbi akusita, mukudziwa ana amasiku ano."

Tamvani zimenezo. Anthu abwera kudzaona ngati mwana wanga ndi wosunga nyumba, ine mayi wake n'kuwauza kuti amaotcha mipando. A Nangondo anangobwezera kansalu kaja, n'kukasalaza bwinobwino ndi chikhatho. A Jemusi anandiyang'ana ndi diso loti tulukani, ndipo ndinatuluka.

Kuseri kwa katani, m'kanjira kopita kuchipinda, ndinapeza Edina ataima, misozi ili m'masaya, foni ili m'manja. Anangondisonyeza uthenga umene Lameki anali atangoyankha pa chithunzi chija. Unati sofa imeneyo ndi ya azakhali ake, anaigulitsa pa Songani mwezi watha kuti apeze zogulira katundu wa chinkhoswe, ndipo chipsera cha simbi anaotcha ndi iyeyo ali ku pulayimale.

Ndinangokhala pansi pomwepo. Mzungu wa ku Zomba uja anali atakhala pabalaza panga, atavala chitenje, akumwa thobwa langa. Mayi anagulitsa mipando yake chifukwa cha ukwati wa mwana wanga, ine n'kumuuza m'maso muli gwa kuti katundu wake ndi wa umphawi.

"Amayi, mwandiphera ukwati," ananong'ona Edina.

Ndinkafuna kulowa kuti ndipepese, koma nkhani inali itayamba, ndipo mayi salowerera ankhoswe akamakambirana asanaitanidwe. Ndinangokhala pamenepo, khutu lili pa katani. Ndinamva atsibweni akunena kuti tambala wawo waona msoti pakhomo pano. Ndinamva a Jemusi akuyankha kuti msoti ulipodi, ndipo akufuna kumva ngati akuchimuna onse ali ndi mtima umodzi. Kenako ndinkangomva nkhuku panja ndi mtima wanga, ndipo Edina anandigwira mkono mpaka zikhadabo kundilowa.

"Tisanapitirire," anatero a Nangondo, "tandiitanireni amayi a mwana."

Kuchokera pa katani kufika pamene ndinagwada ndi mapazi anayi okha, koma ndinafika nditatopa. A Nangondo sanandiyang'ane. Anapinda dzanja la bulauzi yawo, n'kulowetsa mkono mumpata wa pakati pa kushoni ndi dzanja la sofa, mpaka m'chigongono. Anafufuza pang'ono, kenako anatulutsa magalasi a maso, mwendo umodzi womangidwa ndi ulusi. Anawapukuta ndi chitenje, anawavala, n'kundiyang'ana bwinobwino koyamba.

"Mwezi wathunthu ndakhala ndikulephera kuwerenga Baibulo," anatero. "Ndinasesa nyumba yonse. Sindinadziwe kuti magalasi angawa anapita ku Limbe zaka eyiti zapitazo."

Palibe anaseka. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire, koma mantha anaposa manyazi, chifukwa ndinkamva Edina akusisima kuseri kwa katani.

"Mayi, ndanama," ndinatero. "Ndinagula pa Songani Lachitatu lapitali. Ndinachita manyazi ndi mabenchi anga. Zimene ndanena za umphawi, mundikhululukire, ndi kupusa kwanga. Koma chachikulu, mwana wanga sanaotche mpando uwu. Sanauonepo mpaka sabata ino. Ngati pali wolakwa ndine, iye musamuweruzire kamwa la mayi wake."

A Nangondo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi aja.

"Amene anaotcha ndikumudziwa, ndinamukwapula ndekha," anatero. "Za ku Limbe zija sizinandipweteke kwenikweni. Inenso aneba anga ndinawauza kuti mipando yapita kokakonzedwa. Chimene ndimadikira n'choti ndione ngati mungamusiye mwana wanu atasenza mlandu umene sanapalamule. Mukanaumirira pamenepo, ife tikanatsanzika thobwa lisanathe."

Iwo anatembenukira kwa a Jemusi n'kunena kuti akuchimuna ali ndi mtima umodzi, ndipo nkhani ipitirire. Kenako anandiyang'ananso, m'mbali mwa milomo mukuoneka kakumwetulira.

"Asewere, dzukani, mawondo apweteka. Mwana wathu paja akubwera kudzakhala chikamwini konkuno. Ine ndimadandaula kuti adzasowa kwawo, koma ndaona mpando wake watsogola kale."

Atsibweni ndi amene anayamba kuseka, chiseko chogwedeza sofa yonse. A Jemusi, pofuna kugwirana chanza ndi alendo onse awiri nthawi imodzi, ananyamuka pakampando kawo n'kudziponya pakati pa sofa. Ine ndi a Nangondo tinakuwa limodzi kuti "Pakati ayi!" koma tinachedwa. Tinangoona nsapato zawo m'mwamba, ndipo tinawazula awiri, wina mkono uwu wina uwo.

Chinkhoswe chinachitika, ukwati unachitika, Lameki anamanga nyumba yake kuseri kwa yathu. Sofa ija ndinawapatsa, ndipo kansalu koluka anakachotsa, akuti chipseracho ndi chake. Ine ndinabweza mabenchi anga pabalaza, ndipo bambo a Edina tsiku limenelo anakhalapo nthawi yaitali akuimba mluzu.

A Nangondo akabwera kudzaona ana, amayamba alowa kwanga, n'kuvala magalasi aja, n'kuloza chinthu chilichonse chimene aona, kaya ndi tsache, kaya ndi chikho. "Asewere, ichinso n'cha ku Limbe?" Ine ndinalumbira kuti ngakhale nditadzagula singano, ndizidzatchula msika wake, tsiku lake, ndi amene anaigwiritsa ntchito ine ndisanaigule.